Waya wa Padi ya Amayi Ako

Hawa mwana wanga, gawo lino la mbiri yanga ndalembera iwe makamaka, chifukwa cha kabati ija unaiona pabalaza. Anthu a m'dera lino ponena za ine amati Che Mawaya mutu unasokonekera atapuma pantchito, munthu wa imvi kumatola zidole za ana. Asiye anene. Koma ndikudziwa mmene zimayendera munthu akatsikira kulichete. Abale amayala mphasa pabwalo, amatulutsa katundu yense, ndipo wamkulu amayamba kuloza kuti ichi cha uje, icho cha uje. Ndinazionapo kamodzi ndi maso angawa. Ndiye usanadzakhale pamphasa imeneyo, uyambe wamva kumene za m'kabatimo zinachokera.

Namwera, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Nditachoka kwathu ku Nkhotakota, ntchito yanga yoyamba inali ku Namwera. Bungwe lina loyang'anira zipatala zing'onozing'ono za m'midzi linandilemba kuti ndizikonza mawailesi a mesiji ndi mafiriji osungiramo katemera. Mafoni a m'manja kunalibe. Mayi akavutika pobereka, namwino ankaitana ambulansi pa wailesi ya mesiji, ndipo wailesiyo ikakhala yakufa, mayiyo ankanyamulidwa pa machira. Bwana wanga anali a Mkandawire, bambo wamfupi amene sindinawaonepo mano chaka chonse choyamba. Zipangizo zinali zosowa. Tikapempha mafyuzi ankafika patapita miyezi, nthawi zina n'kukhalanso olakwika. Mtovu wowotcherera mawaya tinkachita kusungunula pa mawailesi akale. Tsiku lina ndinataya kudzala wailesi imene inapsa ndi mphezi, ndipo iwo atamva anandiitana.

"Selemani, chinthu cha magetsi sichifa, chimangokomoka," anatero. "Chikakana kudzuka, chiwalo chake chidzadzutsa chinzake. Pita ukaitole."

Ndinakaifukula pakati pa makoko a nthochi, anamwino akundiseka pawindo. Sabata yomweyo kachipangizo ka m'wailesi imeneyo kanadzutsa ina ya kuchipatala cha kumalire. Kuyambira pamenepo dzanja langa limakana kutaya chinthu chokhala ndi waya. Ku Namwera ndinaphunzirakonso kukhala ndekha. Kunkazizira, Chiyao sindinkachimva, ndipo madzulo anzanga ocheza nawo anali mawu a anamwino akutali omwe ankamveka m'wailesi ndikamaiyesa.

Lungwena, zaka za m'ma 1990

Atandisamutsira ku Lungwena ndinakumana ndi amayi ako, a Patuma, amene kwawo ankawatchula kuti Abiti Saidi. Anabwera kuchipatala atasenza wailesi ya bambo awo, ati yafa. Nditaitsegula ndinapeza kuti mabatire anaikidwa chozondoka, ndipo patapita zaka anadzaulula okha kuti anawazondotsa dala. Tinamanga ukwati kumzikiti wa kwawo, ine n'kumanga nyumba pamudzi pawo monga mkamwini aliyense. Iwe unabadwira m'nyumba imeneyo.

Uli ndi zaka zitatu, mjomba wako Che Bwanali, mchimwene wa amayi ako, anabwera kuchokera ku Joni ndi katundu wambiri. Ena analandira mabulangete, ena mawotchi. Amayi ako anawapatsa katoni yong'ambika pakona. "Iyi n'ya Abiti Saidi, poti anakwatiwa ndi mawaya," anatero. Munali gemu ya pa TV, yoti ena anaigwiritsapo kale ntchito: kabokosi kotuwa, adaputala ya moto, mfuti ya pulasitiki, makaseti achikasu angapo, ndi mapadi awiri. Padi ndi kaja umagwira m'manja kokhala ndi mabatani, kolumikizidwa ku bokosi ndi waya. Ine ndinali ndi TV yaing'ono yopanda mitundu, imene masiku amenewo tinkangoti sikirini. Dokotala wina anandisiyira itakomoka, ine n'kuidzutsa. Koma dziko lathu linali lisanakhale ndi wailesi ya kanema, choncho ukaiyatsa inkangoonetsa mchenga wokhawokha. Tsiku limenelo ndinalumikiza zonse ku batire ya galimoto, mchenga uja unachoka, ndipo panatulukira kamunthu kothamanga kamene kankayenera kulumpha maenje.

Ndinkaganiza kuti katswiri ndikhala ine. Ndinadzinamiza. Amayi ako akachoka kothandala koyanika usipa, ankasamba m'manja, kukhala pamphasa, iwe uli pamiyendo, n'kuyamba kundichititsa manyazi. Koma anali ndi chizolowezi chimodzi chimene chinkandipatsa ntchito. Kamunthu kaja kakafika padzenje, iwo ankalumpha nako limodzi. Mikono m'mwamba, thupi lonse kupendekera kumbali, padi n'kukokedwa mpaka waya thapu, kuzuka.

"Amake Hawa, cholumphitsa ndi batani, si mikono," ndinkatero.

"Inu mumadziwa mawaya, za kulumpha mumazidziwira kuti? Kamunthuka kamafuna kukathandiza," ankayankha chotero akuseka.

Pafupifupi Lachisanu lililonse tikachoka kumzikiti ndinkakhala pakhonde kuwotcherera waya wa padi yawo, ndikung'ung'udza. Nthawi iliyonse ndinkadulako kansonga, choncho wayawo unkafupikirafupikira, ndipo iwo ankasendera pafupi ndi sikirini mpaka ndinawauza kuti tsiku lina adzalowamo. Ndikanadziwa, sindikanang'ung'udza.

Amayi ako anatisiya nyengo ya dzinja, ali ndi pakati pa mng'ono wako, iwe uli ndi zaka zisanu. Wailesi ya mesiji inagwira ntchito bwinobwino tsiku limenelo, ndinali nditaikonza ndekha. Ambulansi inayankha. Msewu ndiwo unali utaduka ndi madzi. Za tsiku limenelo ndilekere pomwepa.

Itatha sadaka ya masiku makumi anayi, mbumba inasonkhana kuti indisudzule ndi kugawa katundu. Wogawa anali Che Jafali, mjomba wa amayi ako, munthu wachilungamo amene sankafuna kuti wina achoke akudandaula. Ziwiya, zitenje ndi mbuzi zinayenda bwino. Kenaka inatuluka katoni ija. Sikirini ndi batire anati n'zanga, poti ndinabwera nazo. Kabokosi anati kabwerere kwa Che Bwanali amene anakagula. Adaputala anapatsa mphwawo wina amene anali ndi wailesi. Makaseti anagawira azimayi limodzilimodzi, poganiza kuti ndi matepi a nyimbo. Mfuti inapita kwa msuweni wako. Atafika pa mapadi anawanyamula onse awiri ndi mawaya ake ngati mbewa.

"Iyi ya mwana, iyi ya bambo wake. Azikumbukira," anatero.

Ndinagwada n'kunena kuti, "Ambuje, zinthuzi ndi chinthu chimodzi. Mukazilekanitsa palibe chimene chigwire ntchito."

Anandiyang'ana mwachifundo. "Che Selemani, maliro ndi a tonse. Mukufuna ena achoke pano chimanjamanja?"

Mkamwini salimbana ndi eni mudzi pa katundu wa mwana wawo. Anandithokoza kuti ndinawasungira bwino mwana wawo, n'kundiuza kuti tsopano ndine womasuka. Iwe anati ukhala ndi mayi ako aang'ono a Mariamu, monga mwa mwambo. Ndinachoka pamudzipo ndi sutikesi, sikirini yoonetsa mchenga, ndi padi imodzi m'thumba la jekete.

Chembe, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Bungwe linanditumiza ku Chembe, tsidya lina la nyanja. Kumeneko wamkulu anali namwino wina, Mayi Chirwa, a mawu ngati belu la sukulu koma a mtima wabwino. Petulo wa njinga yamoto ankasowa, madzi othira m'mabatire tinkachita kutchera a mvula m'mabeseni, ndipo zipatala zimene ndinkayendera zinali motalikirana, moti ndikanyamuka Lolemba nthawi zina ndinkabwera Lachinayi. Anandipatsa nyumba ya zipinda ziwiri. Chipinda chachiwiricho chinkawapweteka Mayi Chirwa kuposa ine.

"A Selemani, chipinda chili chabe, sukulu ili apo, mwana wanu ali kwa eni ake," anandiuza tsiku lina. "Dziko linasintha. Pitani mukam'tenge. Akakana, kuli khoti, ndipo ine ndikakuperekezani."

Ndinaganizira nkhaniyi kwa milungu ingapo. Kenaka ndinagula kadiresi ndi nsapato, n'kukwera matola kuzungulira kumapeto kwa nyanja kudzera ku Mangochi mpaka ku Lungwena, mtima uli umodzi woti ndibwera nawe. Ndinakupeza ukuchokera ku madrasa ndi anzako, mukukangana mokuwa m'Chiyao. Utandiona unathawira kumbuyo kwa a Mariamu n'kugwira chitenje chawo, ukuwaitana kuti amama. Anachita kukukankha kuti undipatse moni. Nditanena chimene ndabwerera, a Mariamu sanakwiye. Anangondifunsa funso limodzi.

"Alamu, mwanayu ndi wanu, palibe akukana. Koma mukapita ku mawaya anuwo masiku atatu, iyeyu azitsala ndi ndani?"

Ndinakuyang'ana ukupeta mpunga pambali pawo, tsitsi lolukidwa bwino, masaya odzaza. Ndinaganiza za chipinda chija cha ku Chembe, mopanda mphasa, mopanda munthu wokuyankha ukaitana. Kukhoti mwina ndikanapambana, koma amene akanalira ndi iwe. Ndinasankha kukusiya. Mpaka lero sindinena kuti ndinalakwa, Hawa. Ndimangonena kuti palibe chinthu chinandipwetekapo chotero pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito.

Ndisanachoke ndinafunsa za gemu ija. Kabokosi kanali pansi pa bedi la Che Bwanali, kodzaza mphemvu, kataloweredwa ndi madzi a denga. "Tengani alamu, kamangodya malo," anatero. Adaputala inapsereza wailesi ya mwini wake tsiku loyamba lomwe. Makaseti ana anawaswa pofunafuna tepi m'kati. Padi yako ndinaipeza kuseri kwa khola la nkhunda, waya wake atadulako theka kukamangira katundu panjinga. Ndinaidziwa chifukwa batani lolumphira linali ndi kamzere kokumbika ndi chikhadabo cha amayi ako. Ndinaipukuta pa malaya n'kukuonetsa.

"Ndikakonza zonse, udzabwere ku holide tidzasewere, wamva?" ndinatero.

Unayang'ana a Mariamu kaye, kenaka n'kuvomera motsitsa m'Chiyao kuti, "Elo." Mawu amodzi amenewo ndinayenda nawo ulendo wonse wobwerera.

Kutola kwanga kunayambira pamenepo. Kabokosi ka amayi ako kanakana kudzuka, choncho ndinayamba kufunafuna kena koti kapereke ziwalo. Kaseti yoyamba ndinaipeza pamulu wa zidole za kaunjika kumsika wa ku Monkey Bay, pakati pa zimbalangondo za nsalu zopanda maso. Nditafika nayo kunyumba ndinapeza kuti pakamwa pake n'potakata, singalowe m'bokosi lathu, inali ya makina a mtundu wina. Munthu wanzeru akanaitaya. Ine wophunzira wa a Mkandawire ndinayamba kufunafuna makina ake. Nditawapeza kwa mkulu wina amene ankatseka vidiyo sho yake, anabwera ndi padi ya pulagi yachilendo, ndipo padi imeneyo inandituma kukasaka makina achitatu. Umu ndi mmene munthu amalowera m'madzi, amayamba ndi kunyowetsa mapazi. Anyamata obwera ku Joni anandidziwa, ankati akatsitsa katundu n'kupeza chinthu cha mabatani chimene palibe akuchifuna, ankati kapatseni Che Mawaya. Ndinaphunzira kuti chithunzi cha pakaseti sichinena zoona: kunja msilikali wa mfuti, m'kati mpira. Ina imalonjeza magemu masauzande, koma ndi asanu omwewo obwerezabwereza. Kaseti ikakana ndinkaiuzira ngati moto, ikakanabe ndinkaitsuka mano ake ndi thonje la sipiriti. Makina ena ndinawapsereza ndekha posadziwa kuti ndi a kudziko la magetsi ofooka kuposa athu, ndipo ndinawalira ngati mbuzi yafa.

Zinanditengera zaka kuti kabokosi ka amayi ako kadzuke, ndi ziwalo za mabokosi ena atatu. Tsiku limene kamunthu kaja kanatulukiranso pasikirini ndinatumiza uthenga ku Lungwena. Holide imeneyo unali ndi mayeso. Yotsatira kunali maliro. Ina a Mariamu anadwala, ndipo sukanawasiya. Palibe amene ankanama, zifukwa zonse zinali zoona. Ine ndinkabwera pa Idi ndi nsalu ndi shuga, tinkapatsana moni mwaulemu ngati anthu okumana m'basi, ndipo ndinkabwerera. Kenaka ndinangomva kuti kwabwera munthu wofunsira mbeta, ndipo pasanathe zaka ziwiri unali ku Joni ndi mwamuna wako.

Mangochi, nditapuma pantchito

Zaka zanga zomaliza ndinagwirira ku boma. Mafoni a m'manja atafika m'midzi, mawailesi a mesiji tinawatsitsa limodzilimodzi n'kuwaunjika m'sitolo. Ntchito yotsitsa anandipatsa ine ndemwe. Bwana wanga womaliza anali mnyamata wa msinkhu wako, waulemu ndithu, amene ankanditchula kuti madala. Nditamupempha kuti tisunge awiri mwina netiweki n'kudzavuta, anamwetulira n'kunena kuti, "Madala, izi zinapita." Sanalakwe. Chaka chotsatira ndinapita nanenso.

Ndinagula kanyumba kano tsidya la mlatho, ndipo kabati ndinakhomesa kwa kalipentala kuti igwirizane ndi msinkhu wa makaseti. Anthu amaganiza kuti ndimasewera tsiku lonse. Ayi, nthawi yambiri ndimangopukuta fumbi, kukulunga mawaya bwino, ndi kuyatsa makina aliwonse kamodzi pa kanthawi kuti asagone tulo tosadzuka. Ndikafuna kusewera ndimaika gemu ina ya akasinja a nkhondo, imene anthu awiri amathandizana kuteteza mudzi wawo. Ndimasankha ya anthu awiri. Kasinja wanga amayenda, winayo amangoima pamene anabadwira chifukwa padi yake ili pamphasa yopanda woigwira, ndipo ine ndimazungulira kumutchinjiriza kuti adani asamuphe. Mwana wanga, ngati unafunsapo kuti kusungulumwa n'kotani, n'kumeneko. Sindichita manyazi kunena.

Chaka chatha a Mariamu anamwalira, ndipo unabwera kudzakhala nawo pa sadaka yawo. Pobwerera unadutsira kuno masana, podikira basi ya ku Joni. Unaima patsogolo pa kabati chikwama chili paphewa.

"Ababa, zonsezi n'za chiyani?" unafunsa.

"Ndinakulonjeza kuti ndikakonza udzabwera tidzasewere. Unavomera."

Unakwinya nkhope, ukuyesetsa ndithu, kenaka unati, "Pepani Ababa, sindikukumbuka. Ngakhale zoti amayi ankasewera sindikukumbuka." Unawonjeza kuti ku Joni kuli masitolo ogula zinthu zakale ngati zimenezi, ndikanagulitsa ndikanakonzetsa denga. Unanena mwachikondi, ndikudziwa. Zaka zonsezi ndinkasunga pangano limene mwini wake anali mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, wongoyankha kuti mlendo achoke.

Mwina unaona nkhope yanga, chifukwa unatsitsa chikwama n'kunena kuti, "Chabwino, yatsani ndione, basi isanafike." Ndinayatsa kabokosi kotuwa kaja n'kukupatsa padi ya kamzere pabatani. Unafuna kukhala pampando koma waya sunafike, choncho unatsikira pamphasa pafupi ndi sikirini. Kamunthu kanayamba kuthamanga. Dzenje loyamba unagweramo, n'kuseka. Lachiwiri unagweramonso. Pofika lachitatu unaluma mlomo, ndipo kamunthu katanyamuka, iwe unanyamuka nako. Mikono m'mwamba, thupi lonse kupendekera kumbali, waya thapu.

"Iii, ndawononga! Pepani Ababa, pepani, ndikugulirani ina," unatero utagwira pakamwa.

Ndinadzuka n'kulowa kuchipinda, n'kutseka chitseko. Ndili momwemo foni yako inalira kuti basi yafika, unagogoda, unatsanzika pachitseko, ndipo ndinatuluka mochedwa, maso ofiira, n'kungokugwira dzanja pamsewu. Kuyambira pamenepo ukaimba foni umayamba ndi kupepesa za padi, ndipo ine ndimangoti zilibe kanthu.

Ndiye ndalemba kuti udziwe. Sindinakwiye, Hawa. Ndinalowa kuchipinda chifukwa bambo salira pamaso pa mwana wake wapaulendo. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu palibe amene anadula waya umenewo polumpha, ndipo ine ndinkaganiza kuti amayi ako anagawidwa onse pamphasa ija, osatsala kanthu. Sindinkadziwa kuti Che Jafali anaiwala kugawa kalumphidwe kawo.

Za m'kabati, tsiku langa likadzafika, usadzalole kuti azilekanitse. Ukadzafuna kugulitsa, gulitsa zonse pamodzi, koma kabokosi kotuwa ndi mapadi ake awiri udzatenge iwe. Komabe usadikire mphasa. Waya ndinauwotcherera madzulo omwewo, pakhonde, ndikung'ung'udza monga kale. Wafupikanso pang'ono, ndiye udzakhala pafupi kwambiri ndi sikirini. Bwera ndikadali moyo udzaudulenso, mtovu ndili nawo wokwanira.